Umu Mukuti Mugona Ndani?

Anganga ena anatula mtolo wa nkhuni, n'kuima chapatali manja ali m'chiuno. Anaiyang'ana nyumba yathu kuyambira kutsindwi mpaka pansi, anaizungulira kamodzi, kenaka anawerama n'kusuzumira pakhomo. Poweramuka anali akuseka ngati munthu amene waona mbuzi itavala nsapato.

"Ana inu, umu mukuti mugona ndani?"

Ndinawayankha mwaulemu kuti simugona munthu, ndi nyumba ya mufilimu chabe, tikangojambula tiphwasula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, mwanangu. Nanga wa mufilimuyo si munthu?"

Nyumbayo tinali titaivutikira masiku anayi. Inali pakamtunda chakumadzulo kwa phiri la Zomba, kufupi ndi dzenje la Chingwe, kumene phiri limangotha mwadzidzidzi ngati wina analidula ndi mpeni, maso n'kugwera m'chigwa cha Shire. Amene anafikako akudziwa zomwe ndikunena. Umaima mphepo ikukukankha pachifuwa, kumusi minda ya ku Chingale ikuoneka ngati zigamba za pa buluku la mlimi. Malowo ndinawasankha ndine, ndipo ndinali nditadzitama kale kwa anzanga kuti filimu ikadzatuluka anthu adzayesa tinakajambulira kunja.

Tinalipo anthu osakwana khumi. Wotsogolera ndi mnzanga wakalekale wa ku Chanco, ndiye atapeza kandalama kochepa anandiimbira: "Aise, iwe ukhala wa malo ndi katundu." M'mafilimu akuluakulu udindo umenewu amautcha production designer, dzina lomwe linatchuka mu 1939 pamene linaperekedwa kwa William Cameron Menzies chifukwa cha ntchito yake mu Gone with the Wind. Mwini udindowu ndiye amayankha za dziko lonse limene wosewera akuyendamo: nyumba iime pati, khoma likhale la mtundu wanji, mpando ukhale wothyoka mwendo kapena ayi, kuseri kuoneke mtengo wanji. Kunjako amakhala ndi akalipentala, opaka utoto, ojambula mapulani. Ine ndinali ndi chikwanje, mpukutu wa luzi, ndi anyamata awiri a ku Chinamwali omwe tinapangana kuti ndiziwalipira patsiku.

Nkhani ya filimuyo inali yaifupi, ya mphindi 20. Inali ya mayi wamasiye wa m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene nkhondo ndi ogwira akapolo zinkasowetsa anthu pogona kuno kummwera, ena n'kumathawira kumapiri, ena kuzilumba monga Chisi pa nyanja ya Chilwa. Mayiyo akuthawira kuphiri ndi mdzukulu wake. Basi, nkhani yonse ndi yomweyo.

Nditawafotokozera zimenezi anganga aja, kuseka kunatha. Analoza kuchigwa ndi mlomo.

"Amene akuwathawawo ali uko, eti? Ndiye iye amange pano pambalambanda, kuti aliyense wa kumusi akangodzutsa mutu amuone? Akasonkha moto utsi ukaonekera mpaka ku Liwonde. Khomo mwalozetsa kuphompho, kumene mphepo imakwerera madzulo. Moto uyaka umu? Mwanayo si adwala chibayo? Nanga madzi akatunga kuti, mwaona mtsinje pano?"

Anasolola udzu wa padenga n'kuununkhiza. "Uwu ngwa dzulo." Analoza phaso mkati, loyera bwino ngati mano a mwana. "Munthu uyu saphika?"

Ndinakhala chete ngati mwana wa sukulu amene wagwidwa ndi likasa. Chilichonse chimene anatchula ndinachichita dala, ndipo ndinachichitira kamera. Khomo ndinalozetsa kuphompho kuti kamera ikakhala mkati ione chigwa chonse kudzera pakhomopo. Kamtunda ndinakasankha kuti dzuwa likamalowa nyumba ioneke yakuda itatsamira mlengalenga wofiira. Za mayi wamasiyeyo, za mantha ake, za ludzu la mwana, sizinandifike m'mutu ngakhale kamodzi.

Usiku umenewo ndili kunyumba ndinadzifunsa komwe ndinazitenga nzeru zomanga pachulu. Yankho silinavute. Ine ndinakulira m'mavidiyo shoo a ku Matawale, m'zisakasa za mdima momwe unkalowa ndi kandalama kachitsulo, ndipo nditakula filimu yomwe inandizunguza mutu inali The Lord of the Rings. M'gawo lake lachiwiri muli mudzi wa mfumu wotchedwa Edoras. Grant Major ndi gulu lake anaumangadi, kwa miyezi ingapo, pamwamba pa kaphiri kotchedwa Mount Sunday m'chigawo cha Canterbury ku New Zealand, pakati pa chidikha chozunguliridwa ndi mapiri a chipale. Chithunzi chimenecho chinandikhala m'mutu zaka zambiri, ndipo ndi chomwe ndinkayesa kuchikoka kudzachiika ku Zomba. Koma ija ndi nyumba ya mfumu. Mfumu imamanga pamtunda kuti ioneke, kuti wobwera kutali ayambe kuchita mantha asanafike pachipata. Ine ndinaba kaphiriko n'kusiya chifukwa chake.

Chomvetsa manyazi n'chakuti mufilimu yomweyo munali kale zomwe anganga ankandiuza. Mudzi wa tianthu tatifupi tokonda mtendere, totchedwa ma hobbit, unamangidwa pafamu ya nkhosa kufupi ndi Matamata kuyambira mu 1999, ndipo nyumba zake anazikumba m'mbali mwa zitunda, zongooneka zitseko ndi machumuni. Anthu osafuna mavuto amalowa m'nthaka. Ndipo ndiwo za m'madimba, maluwa ndi mipanda anazibzala pafupifupi chaka chathunthu kamera isanafike, kuti malowo aoneke okhalidwa. Okonza ndi amodzi, dziko ndi limodzi, koma kwina anakweza nyumba pamwamba, kwina anaibisa, malinga ndi mtima wa wokhalamo.

M'mawa mwake nditamuuza wotsogolera kuti tiphwasule, anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi ake. Masiku anayi apita, mafuta a galimoto yokwera phiri tsiku ndi tsiku, osewera akudikira. Anandipulumutsa ndi wa kamera, munthu wosalankhulalankhula, amene anangoti, "Akunena zoona agogowo. Inenso chinachake chimandinyansa koma sindimachipeza."

Anganga anatilondolera okha malo. Sikunali kutali, mwina mphindi zisanu kuyenda, koma unkachita kutsetsereka kulowa m'kachigwa momwe munali kamtsinje. Panali chimwala chachikulu ngati nkhokwe zitatu zogundizana, chakuda ndi ndere. "Ine ndikanamanga apa," anatero, akuponda kuseri kwa mwalawo. Mphepo inkadutsa pamwamba pathu osatikhudza. Utsi ukanakwera n'kusokonekera m'masamba. Ndipo panali kanjira kothawira kumtunda, komwe ine sindikanakaona ngakhale mukanandipatsa sabata.

Kumanga kwachiwiriku ndi kumene ndinaphunzira ntchito. Denga tinalitsitsa kwambiri, loti munthu wamkulu alowe chowerama, chifukwa wothawa alibe nthawi yodula mizati italiitali, komanso nyumba yaifupi imasunga kutentha. Khoma limodzi linali mwala womwewo. Udzu wathu watsopano uja tinakasinthanitsa kumudzi ndi udzu wa pakhitchini ina yomwe inkafuna kugwa, wotuwa, wothothoka, wonunkha utsi wa zaka zambiri. Mwini khitchiniyo anasangalala kwambiri, mwina mpaka lero amawauza anzake za anyamata opusa a m'tauni. Mkati tinasonkha moto wa masamba aawisi masiku awiri, khomo titatseka, mpaka phaso linada ndipo mwaye unayamba kulendewera. Anganga anabwera ndi mpongozi wawo kudzazira pansi ndi dothi lakuda la kumtsinje, n'kubweretsanso mafuwa atatu a m'khitchini mwawo, chifukwa miyala yanga yomwe ndinangotola inali isanalawepo moto ndipo zinkachita kuonekeratu. Mphika ndinali nditagula watsopano pamsika wa Zomba. Anaukana. Anabweretsa wawo wobenthuka pakamwa, wakuda kumatako. Ndipo tinawalipira monga wantchito wina aliyense pagululo, nditsimikize zimenezi, chifukwa timakonda kutenga nzeru za anthu akumudzi n'kuwathokoza ndi botolo la Fanta.

Chinthu chomaliza chinali njira. Nyumba inatha, koma inkaoneka ngati yagwa kuchokera kumwamba. Udzu unali chiimire mpaka pakhomo penipeni. Munthu amene watunga madzi kawiri patsiku kwa miyezi itatu amasiya chizindikiro. Ndiye ine ndi anyamata aja tinayamba kuyenda, kuchoka pakhomo kukafika pamtsinje, kubwerera, kupitanso, tikukoka chipika kumbuyo, mpaka miyendo inawawa. Tinapondanso kanjira kena kokwera pamwamba pa mwala uja, popeza munthu wamantha sangathe tsiku osakasuzumira kumene adani angachokere.

Pamalo atsopanowa chigwa cha Shire sichinkaoneka, kupatula kachidutswa kakang'ono pakati pa mwala ndi mtengo. Poyamba zinandiwawa. Tinakwera phiri la mamita opitirira 2,000 kuti tidzajambule m'dzenje? Koma wa kamera atandionetsa pa kagalasi kake, ndinaona kuti kachidutswa kajako kankaopsa kuposa chigwa chonse. Kankakhala pakona pa chithunzi ngati diso losuzumira. Ndipo mufilimu yonse chigwa chimatseguka kamodzi kokha, pamene mayiyo wakwera pamwala n'kuona utsi wa mudzi wake. Woonera amakhala atapanikizika m'kachigwa muja mphindi 12, ndiye dziko likatseguka mpweya umamuthawa. Tikanachionetsa pa mphindi yoyamba, pofika pa yachitatu chikanasanduka kalendala ya pakhoma.

Apa ndimakumbukira filimu ya William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi, The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe Chiwetel Ejiofor anajambula kuno kwathu, ku Wimbe m'boma la Kasungu, n'kutuluka mu 2019. Wokonza malo anali Tulé Peak wa ku Brazil, yemwe anagwiranso ntchito yomweyo mu City of God. Kasungu ndi dziko lathyathyathya, mlengalenga waukulu, nthaka yofiira yopita kutali. Kumeneko ukaimika nsanja ya mitengo n'kumangirira njinga pamwamba, yalankhula kale, chifukwa palibe china chopikisana nayo. Bweretsa nsanja yomweyo patsinde pa phiri la Zomba, isanduka kachitsotso. Kuno chilichonse chimene ungaimike phiri limachimeza, ndiye umagwira ntchito ndi zinthu zapansi: njira, mwala, khomo, utsi.

Tsopano za paini, zomwe zinandisowetsa tulo kuposa china chilichonse.

Tsiku loyesa kamera, wa kamera anandikodola. Chakumanzere kwa chithunzi, pamwamba pa denga lathu lokongola lija, panali mzere wa mitengo ya paini itaima ngati asilikali a ku Cobbe Barracks pa perete. Ine ndinakula ndikuyesa kuti phiri la Zomba linalengedwa choncho, ndi fungo lija la utomoni ndi timasamba tonga singano pansi. Koma paini wochuluka paphiripa, amene akatswiri amamutcha Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Anabzalidwa m'nthawi ya atsamunda kuti azicheka matabwa. Mayi wa m'zaka za m'ma 1800 sakanamuona ngakhale kutulo. Ndipo ngakhale woonera asadziwe mbiri imeneyi, diso lake limadziwa kuti mitengo yomera yokha siima pamzere.

Kuyambira tsiku limenelo phiri ndinayamba kuliona mwina. Ndinazindikira kuti ntchito yangayi wina anaigwira kale paphiri lonse, ine ndisanabadwe. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo azungu a m'maofesi aja ankafuna pokapumira pozizira pofanana ndi kwawo. Anabzala mitengo yawo, anaika nsomba zawo m'mitsinje, anamanga tinyumba ta tchuthi, anatcha mathithi maina awo. Masitiroberi omwe ana amakuthamangira nawo pamsewu wa ku Ku Chawe ndi mbali ya seti yomweyo, malo okonzedwa ngati a mufilimu. Ngakhale malo oimapo poyang'ana kumusi anakonzedwa n'kupatsidwa maina a alendo olemekezeka: Queen's View, pokumbukira mayi a Mfumukazi ya ku Britain omwe anafika mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anafika mu 1965. Ukaima pamenepo ukuona tauni, Chilwa ndi Mulanje kutali, wayima pamene wina anakonza kuti mfumu iime. N'pokongola, sindikukana, ndimapitako ndi alendo anga. Koma mkazi wokwera kudzatola nkhuni saima pamenepo. Iye phiri amalidziwa ndi mawondo.

N'chifukwa chake ndimatopa ndi mavidiyo athu ambiri a nyimbo ndi mafilimu ojambulidwa paphiripa. Drone, kandege konyamula kamera, inyamuka, damu la Mulunguzi, paini, mathithi a Williams, mnyamata ndi mtsikana atavala zoyera akuthamangitsana. Ukachotsa phirilo n'kuikapo gombe la ku Mangochi, nkhani sisintha ngakhale pang'ono. Phiri limakhala ngati mlendo amene waitanidwa ku ukwati chifukwa ali ndi galimoto yabwino. Mnzathu wa ku Lesotho, Lemohang Jeremiah Mosese, ali ndi mapiri oposa athuwa, koma mu This Is Not a Burial, It's a Resurrection anasankha chithunzi chopapatiza ngati cha wailesi yakanema yakale. Mapiri amalowa mopanikizika, ndipo diso limakhala pa Mary Twala ndi zovala zake zakuda za umasiye. Ameneyo anakana kugulitsa dziko lake ngati positikhadi.

Koma paini si mdani nthawi zonse. Wina atalemba nkhani ya kalaliki wa boma wa m'ma 1960 amene akuperekeza bwana wake kokadya Khirisimasi paphiri, kapena ya anyamata amene timawaona akutsika ndi matabwa pamutu, thukuta lili kamukamu, paini ndiye mwini filimu. Zitsa za m'malo odulidwa, zitunda zometedwa mpala, zonsezo zili ndi nkhani yake. Kwa ife zinangokhala zaka zolakwika.

Mwayi wathu unali wakuti nkhalango yachilengedwe inatsalira m'mphepete mwa mitsinje ndi m'makwawa, momwe obzala paini sanafikemo, ndipo kachigwa ka anganga kanali kamodzi mwa malo otero. Komabe kamera inali ngati munthu wouma khosi: ikatembenukira kumanzere pang'ono, paini, ikadzutsa mutu, paini. Ndinayesa kutchinga ndi nsungwi zomwe tinagula kumudzi n'kuzizika m'maenje ngati zamera pomwepo. M'mawa zinkaoneka bwino. Pofika 2 koloko masamba anali atapinda ngati fodya, ndipo mawa lake umayenera kubweretsa zina. Mbali ina ndinaimika nsanja yoyanikapo bowa, yomwe inatchinga kamzere kena ndipo inalowanso bwino munkhani.

Vuto lina linali la mitundu. Mayiyo tinamuveka nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo, monga ankavalira ambiri nthawi imeneyo. Nyanda ndi yofiirira. Udzu wa mu Juni ndi wofiirira. Denga lofiirira. Akayenda pang'ono kuchoka pa kamera ankangosowa ngati nkhwali. Kwa munthu wobisala zimenezo n'zabwino, koma woonera ayenera kudziwa poyang'ana. Wa zovala ankafuna chitenje chowala, ine ndinakana, tinakangana mpaka kusalankhulana tsiku lonse. Chinatigwirizanitsa ndi mbiri: amalonda a Chiyao ankabweretsa nsalu ndi mikanda kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Ndiye mwanayo tinamumanga kansalu kofiira m'chiuno, kakang'ono ngati mpango wa m'thumba, chotsala chokha cha mayi ake. Kadontho kofiira kamodzi paphiri lonse. Ndipo kanabweretsa mantha akenso, chifukwa chimene woonera akuchiona mosavuta, mdani nayenso achiona.

Tsiku loyamba kujambula, cha m'ma 10 koloko, nkhungu inatsika. Inabwera ndi kamvula kowaza ka chiperoni, kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Munthu woima mapazi khumi sumamuona. Tinakhala masiku awiri tikudikira, titaunjikana m'kanyumba komweko, tikuotcha mbatata pa mafuwa a anganga, mabatire akutha okha ndi kuzizira. Apo mpamene ndinatsimikiza kuti nyumbayo inali nyumbadi: anthu asanu ndi awiri tinabisalamo ndipo moto sunazime. Ija ya pakamtunda bwenzi titathawa tsiku loyamba.

Tsiku lachitatu wotsogolera anataya mtima. "Tijambula momwemo." Mwana anatuluka m'nkhungu kuchokera kumtsinje, poyamba kadontho kofiira kokha, kenaka mutu, kenaka chikho cha madzi m'manja. Nyanda itanyowa inada, mayi uja n'kuoneka bwino lomwe. Paini yense anafufutika. Ntchito yomwe ndinalimbana nayo sabata yathunthu ndi nsungwi zanga zofota, nkhungu inaigwira mphindi zisanu, kwaulere. Zithunzi zabwino kwambiri za filimuyo ndi za tsiku limenelo, ndipo anthu akamandiyamikira ndimangoti zikomo.

Tinkayesa tamaliza. Koma pokonza filimu pa kompyuta zinapezeka kuti zigawo ziwiri zinaonongeka, ndipo pofika nthawi yoti ndalama ipezeke, osewera apezeke, inali Okutobala. Tinakwera phiri n'kupeza dziko lina. Moto wolusa unali utadutsa. Udzu uja wofika m'chiuno unali phulusa, nthaka yakuda bii, kamtsinje katatsala kamadzi kongodontha. Chigwa cha Shire chinali chitabisika m'chifunga cha utsi ndi fumbi la chilimwe. Panalibe chithunzi chimodzi chomwe chikanalumikizana ndi za mu Juni.

Zoterezi zimagwera ngakhale eni ndalama. George Miller anakonza zojambula Mad Max: Fury Road ku Broken Hill, ku Australia, koma mvula yambiri inagwa, chipululu n'kumera msipu ndi maluwa. Filimu ya dziko lopanda madzi singajambulidwe m'maluwa, ndiye mu 2012 anasamutsa zonse, ndi magalimoto odabwitsa aja omwe Colin Gibson ndi gulu lake anapanga, kupita nazo ku Namibia. Iwo anali ndi ndalama zosamutsira filimu kutsidya la nyanja. Ife tinali ndi mafuta okwerera phiri kawiri.

Ndinatsetsereka m'kachigwa muja mtima uli m'mwamba, ndikudziwa kuti ndikapeza phulusa. Nyumba inali chiimire. Kuzungulira nyumba yonse panali polambula bwino, mikono itatu kapena inayi, ndipo moto unafika pamalirepo n'kukhota. Palibe anawatuma. Nditawafunsa pambuyo pake, anganga anadabwa ndi funsolo. "Nanga nyumba imasiyidwa m'tchire chilimwe osalambula?"

Wotsogolera anakhala pamwala uja pafupifupi ola lathunthu osalankhula, kenaka anapempha cholembera. Mathero a filimu anasintha pomwepo. Adani aja, atalephera kuwapeza othawa, atentha phiri. Mayi ndi mdzukulu atuluka m'mawa, dziko lonse lakuda, kanyumba kawo kokha katatsala pakati pa bwalo lolambula, kansalu kofiira kakuyenda paphulusa. Ine ntchito yanga tsiku limenelo inali yongofukiza zitsa zingapo kuti utsi uzioneka, ndi kuwaza phulusa padenga.

Wotsogolera pano akulota za nyanja ya Chilwa, za asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tija ta pakati pa mabango. Ndamuuza kuti aganize bwino, chifukwa imeneyo ndi nyanja yomwe imatha kunyamuka osatsanzika, monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, ngalawa n'kutsala zitakhala pamatope ong'ambika. Iye akuti ndiye bwino, tidzalembanso mathero.

Kanyumba kaja tinakaphwasula sabata yomwe tinamaliza kujambula, monga tinalonjezera kwa a zankhalango popempha chilolezo. Ndinali nditawerengapo za gombe la Maya Bay ku Thailand, komwe ojambula The Beach, ya mu 2000, anasalaza milu ya mchenga n'kubzala mitengo ya kokonati kuti malo okongola kale akongole koposa, milandu yake n'kutenga zaka zoposa 20. Ife tinalibe zambiri zoononga, komabe maenje a nsungwi tinakwirira, misomali iwiri yomwe ndinabisa m'phaso ndinaizula n'kuika m'thumba. Anganga anatenga mafuwa awo ndi mphika wawo. Njira ija yokha ndi yomwe inakana kufufutika, ndipo ndamva kuti otola nkhuni akuidzera popita kukamwa madzi.

Filimu itatha ndinanyamula laputopu kupita nayo kumudzi kwawo. Tinakhala pakhonde, adzukulu atatiunjirira, nkhuku zikudutsa. Anaonera mwakachetechete. Pamene chigwa chinatseguka anati "Ii!" chapansipansi, ine mtima n'kukhala m'malo. Pamene mwana anatuluka m'nkhungu anagwira pakamwa. Kenaka panafika pomwe mayi wamasiye akubwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu n'kuutula pakhomo. Anganga anasendera pafupi ndi galasi.

"Taimitsa pamenepo."

Ndinaimitsa.

"Nkhunizo si zanga zija munandigula tsiku loyamba?"

Ndinavomera monyadira kuti ndi zomwezo.

"N'za paini zimenezo, mwanangu."